Mmene Ndinanenepetsera Nsomba za Abambo

Kumunsi kwa mudzi wathu, kwa Malemia, kunali kadambo kamene aliyense anakataya. Madzi ake ankachokera m'kasupe wa m'tsinde mwa phiri n'kumayenda mobisala pansi pa udzu, moti ukapondapo phazi linkamira mpaka mu akakolo, potuluka n'kulira kaphokoso kochititsa manyazi pamaso pa akulu. Chimanga chinkakana pamenepo, chinangwa chinkaola, ndipo ngakhale mbuzi, zomwe sizisankha, zinkapalambalala. Malo amenewo ndi amene abambo anga anapatsidwa atapempha kuti awawonjezereko polima.

Abambo anali mkamwini. Kwawo kunali ku Phalombe, ndipo ngakhale anakhala m'mudzi mwa amayi mpaka imvi kuyamba, nthaka sinali yawo. Inali ya mbumba ya amayi, ndipo woyang'anira mbumbayo anali mlongo wawo wamkulu, amalume a Jailosi. Anthu awiriwa Mulungu anawaumba masiku osiyana. Abambo anali aatali, ofatsa, mkulu wa mpingo, munthu woti ukawafunsa kuti adzuka bwanji ankayamba aganiza kaye kuopa kunama. Amalume anali aafupi, a chifuwa chachikulu, ndipo mawu awo ankafika pakhomo eni ake akadali kutsidya kwa mtsinje. Sanali oipa mtima. Kungoti chilichonse cha pansi pano anali atachidziwa kale, ndipo chimene sankachidziwa ankati kulibe.

Chitatha chilala chija tinadya chimanga chachikasu, abambo anazindikira chinthu chimodzi: m'mudzi monse, malo okha amene sanaume anali kadambo kawo konyozeka kaja. Masiku omwewo kunkabwera mlangizi wina wa njinga yakuda, wolankhula za madamu a nsomba. Ambiri ankamumvetsera chifukwa cha ulemu basi, maso ali kwina. Abambo anamumvetsera mpaka kumapeto, anapempherera nkhaniyo masabata awiri, kenako anatenga khasu.

Anakumba miyezi itatu. Amayi, mlongo wanga Esinati ndi ine tinkatuta dothi m'madengu n'kumaliunjika m'mbali, abambo n'kumalipondaponda mpaka lilimbe. Dothi lake linali lakuda, lolemera, lonunkha ngati chinthu chimene chagona nthawi yaitali osasokonezedwa. Amalume ankabwera pafupifupi tsiku lililonse, manja kumbuyo, kudzaona mmene misala ya alamu awo ikukulira.

"Alamu, manda aakulu chonchi ndi a yani? Mwamva kuti kwafa njovu?"

"Ndi damu la nsomba, alamu."

"Oho! Nsomba ayamba kulima? Mudzandiitane tsiku lopalira."

Abambo ankangomwetulira n'kupitiriza kukumba. Damu litadzaza, anapita ndi njinga yobwereka n'kubwera ndi ndowa yokhala ndi tinsomba tating'ono ngati chala changa, makumba ndi chilunguni. Anatitsanulira m'madzi pang'onopang'ono, tinayenda kamodzi mozungulira, n'kuzimiririka. Kuyambira tsiku limenelo panalibe munthu wamkulu m'mudzi amene akanalumbira kuti waonamo nsomba, chifukwa abambo anayamba kuthiramo ndowe za mbuzi ndi zitosi za nkhuku mpaka madzi anabiriwira ngati msuzi wa nkhwani. Ankati kubiriwirako ndiye chakudya cha nsomba. Ankalowetsa mkono mpaka m'chigongono, akaona kuti chikhatho sichikuonekanso n'kuti zili bwino. Amalume atamva zimenezi anaseka mpaka kukhala pansi. Anati sanaonepo nzeru yotere, munthu kudetsa madzi dala kuti anzake asaone kuti mulibe kanthu.

Ntchito yodyetsa nsombazo inali yanga. Ndinali mu Sitandade 5, chaka chija sukulu inakhala yaulere ndipo tinachuluka mpaka ena tinkaphunzirira pansi pa mtengo. M'mawa uliwonse, mame akadali pa udzu, ndinkatsika ndi mbale ya madeya ndi mtolo wa masamba a mbatata kapena a chinangwa. Ukafika mwakachetechete n'kumwaza madeyawo, pamwamba pa madzi pankatuluka timilomo tambiri, tikutsopatsopa ngati mvula yoyamba kudontha. Koma nsombazo zinali zamanyazi. Zikangomva mapazi olemera kapena mawu okwera, zinkamira osatulukanso. Ndiye mutha kuona chifukwa chake amalume, pa miyezi yonse ija, sanaonepo ngakhale mchira. Zimene ankamva ndi achule okha, ndipo achulewo ankawayankha mokondwera.

Damulo linasintha kakhalidwe ka pakhomo pathu. Abambo anasiya kutaya chinthu. Madeya ankapita ku nsomba, ndowe zinkapita m'madzi, madzi osefukira ankatsata kangalande kupita kudimba la tomato ndi mpiru, ndipo masamba otsala kudimba ankabwereranso kudamu. M'mbali anadzalamo nthochi. Mapesi anasiya kuwatentha, zomwe ife anyamata osaka mbewa zinatikhumudwitsa kwambiri. Ndipo kumunda wa kumtunda, komwe nthaka inatopa mpaka chimanga chinkabereka chikadali m'chiuno, anadzalako timitengo ta ombwe. Mbewu yake anaipeza kwa mlangizi yemwe uja, itakulungidwa m'pepala. Ombwe ndi chitsamba chotalika ngati munthu, cha maluwa oyera, masamba ake aubweya, ofewa ngati khutu la kamwana ka mbuzi. Abambo ankawasadza n'kuwakwirira m'mizere. Chaka chotsatira chimanga cha pamenepo chinatuluka chobiriwira mpaka kuda, mapesi ake onenepa ngati nzimbe. Ndikukumbukira abambo ataima pakati pa mundawo, akusisita tsamba la ombwe n'kunena kuti, "Mtengo uwu ndi wodala. Umanenepetsa nthaka." Mawu amenewo ndinawasunga, ndipo ndinawasunga bwino kwambiri.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuwotcha moti phiri linkaoneka ngati likunjenjemera, amalume anabwera pakhomo ndi nkhope ya milandu. Anali ataona mmene anzawo kumunsi kwa chigwa ankapindulira ndi mpunga, ndipo anakumbukira kuti mbumba yawo ilinso ndi malo a madzi. Anakhala pampando wa abambo, anakana madzi akumwa, n'kulankhula kuti aliyense amve.

"Alamu, ine sindifuna zokangana. Loweruka la sabata yamawa mukokole damu lanulo pamaso pa anthu. Nsomba zikadzaza dengu limodzi, dengu limodzi lokha, malowo ndi anu mpaka kale. Koma mukatulutsa achule, ndikwirira ndidzalepo mpunga mvula isanagwe."

Amayi, omwe ankapeta chimanga chapafupi, anayamba kupeta mwamphamvu mpaka nkhuku zinathawa. Abambo anangoti, "Chabwino, alamu." Madzulo ake ndinawapeza ataima okha m'mbali mwa damu, chipewa chili m'manja, akuyang'ana madzi obiriwira aja. Iwonso sankadziwa chomwe chili pansi pake. Mwina akatumbu anali atadya, mwina mbalame zinali zitatola, mwina zinali zosakula. Sindinawaonepo abambo akuopa munthu, koma tsiku limenelo ndinaona kuti ntchito ya manja awo, chinthu chokhacho chimene akanati ndi chawo m'mudzi wa eni, chinali pafupi kukwiriridwa.

Ndinaganiza zowathandiza. Ine ndinkangoona timilomo, ndipo timilomoto tinkaoneka tating'ono. Kunatsala masiku asanu ndi anayi. Madeya ndinawonjezera mpaka amayi anayamba kufunsa ngati nkhuku zawo zasiya kudya. Koma madeya nsombazo zinali zitadya miyezi yonseyi. Pankafunika chinthu champhamvu, chofulumira. Ndili m'kalasi, aphunzitsi akulemba masamu pabolodi, nzeru inandifikira yonse nthawi imodzi, yowala ngati dzuwa. Ngati ombwe ananenepetsa nthaka, chinthu chouma chopanda ndi kamwa lomwe, nanga nsomba yamoyo angaitani? Ndinadabwa kuti abambo, ndi nzeru zawo zonse, sanaganizepo zimenezi. Ndinakumbukira kuti mbuzi zathu sizinkadya ombwe ngakhale kunja kuume bwanji, koma ndinati mbuzi ndi zitsiru, n'chifukwa chake zili zowonda.

Sindinauze munthu, chifukwa ndinkafuna kuti Loweruka lija abambo adabwe limodzi ndi amalume. Loweruka loyamba masana ndinakwera kumunda ndi thumba n'kusadza masamba mpaka kudzaza. Kenako ndinaganizanso za timilomo tija. Masamba aubweya chonchi kansomba kangawatafune bwanji? Chikondi chinandiuza kuti ndiwasinje. Kuseri kwa khola kunali mtondo wakale wong'ambika womwe amayi anausiya. Ndinasinja mmenemo masana onse, thukuta likuyenderera, fungo lowawa likulowa m'mphuno mpaka misozi. Manja anabiriwira. Ndinasinja bwino kuposa mmene ndinasinjirapo chilichonse chimene amayi anandituma.

Lamulungu m'mawa ndinatsika ndi mbale ya madeya monga mwa masiku onse, thumba lija ndikulikoka m'tchire kuti wina asalione. Ndinathira ngodya zonse zinayi kuti pasakhale nsomba yodandaula kuti yamanidwa. Ndinatenga nsungwi n'kuvundula. Pamwamba panatuluka kathovu. Pokhala mwana wa mkulu wa mpingo, ndinatsinzina n'kupemphera kuti chakudyachi chikagwire ntchito m'matupi mwawo, monga tinkanenera pakudya. Kenako ndinabwerera kunyumba, ndinasamba, ndinavala malaya anga oyera, n'kubisa manja m'matumba chifukwa kubiriwira kuja kunakana sopo.

Tsiku limenelo abambo ndiwo ankatsogolera mapemphero, chifukwa abusa ankafika kwathu kamodzi pamwezi. Anavala jekete yawo imodzi yokha ija, yakuda, yomwe amayi ankaisita ndi simbi ya makala ngati akusisita mwana wodwala. Belu loyamba, lomwe linali chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pamtengo wa mango, linali litalira kale. Tinali pamzere m'njira, abambo patsogolo, amayi ndi Esinati pambuyo, ine pamapeto, mabanja ena akutuluka m'makomo mwawo kudzatiphatikiza. Pamenepo tinamva mawu ochokera kudambo.

"Alamu! Alamu inu! Thamangani! Nsomba zanu zayamba kwaya!"

Anali amalume. Iwo kutchalitchi ankapita pa Khirisimasi ndi pa maliro. Pambuyo pake tinadzamva kuti m'mawa umenewo anadikira kuti tonse tinyamuke, n'kutsikira kudambo kukayeza ndi mapazi malo amene adzadzale mpunga wawo. Ali mkati mowerenga mapazi, anatembenuka n'kuona zimene sanazionepo.

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Ndinati zatheka, zanenepa kale. Ndinathamanga kupitirira onse.

Damu lonse linali nsomba. Sindikukuza nkhani. Pamwamba pa madzi panalibe poti n'kuponya mwala osagunda nsomba. Zina zinali zitaimika mitu m'mwamba, kukamwa kukutseguka ndi kutsekeka pamodzi ngatidi oimba. Zina zinkazungulira malo amodzi ngati munthu wochokera kumowa. Zambiri zinali zitagona chagada, mimba zoyera zikunyezimira padzuwa. Ndipo sizinali zazing'ono ayi. Zinali ngati chikhatho cha abambo, zina kuposa. Chimwemwe changa chinakhala kanthawi kochepa, chifukwa ngakhale mwana wa Sitandade 5 amadziwa kuti nsomba yokhuta sigona chagada.

Abambo anafika n'kuima m'mbali mwa damu. Amalume anagwada, anatunga madzi m'manja, ananunkhiza, n'kutola tizidutswa tobiriwira tomwe tinkayandama.

"Ombwe uyu!" anafuula. "Wosinja bwino, wa dzulodzulo! Alamu, musaime ngati mtengo. Zomwe zikuyasamulabe kukamwa sizinafe, zaledzera chabe. Ziponyeni m'madzi abwino msanga, muyambe zikuluzikulu. Tsegulani ngalande ya kukasupe yonse! Esinati, ndowa! Mabeseni! Chilichonse chosadontha!"

Amayi anawayang'ana alongo awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Achimwene, inu zimenezi mukuzidziwa bwanji?"

Amalume anatsokomola n'kunena kuti ino si nthawi ya mafunso. Panadzapita zaka ndisanamve kuti pa unyamata wawo ankathira ombwe m'maiwe a mtsinje wa Domasi, mpaka tsiku lina malemu agogo anawathamangitsa ndi mpini.

Abambo analowa m'damu ndi jekete yomwe. Sanavule ngakhale nsapato. Madzi anawafika m'chiuno, ndipo anayamba kutola nsomba ndi manja awiri n'kumapatsira amene anali kumtunda. Amalume anatenga khasu kuti agumule khoma la kumunsi madzi oipawo atuluke msanga, koma abambo anawagwira mkono.

"Uko ayi, alamu. Akapita kumtsinje akapha za anthu ena. Apite kudimba."

"Tomato wanu amira!"

"Amire."

Anthu opita kutchalitchi anali atapatuka onse kudzaona. Poyamba anaima patali, atakweza zovala zawo za Lamulungu. Koma n'kovuta kuona mkulu wa mpingo ali m'matope iwe n'kumangoyang'ana. Azibambo anapinda mathalauza, azimayi anathamangira m'nyumba zawo. Kunabwera ndowa, mabeseni osambira, mitsuko, mpaka mphika wophikira thobwa la ukwati. Ana tinapanga mzere wotunga madzi kukasupe. Zotengera zitatha, amalume anatuma anyamata awiri kunyumba kwawo, ndipo anabwera atanyamula mbiya yaikulu imene mudzi wonse unkadziwa ntchito yake. Abambo, omwe sanalawepo mowa moyo wawo wonse, anaiyang'ana, anayang'ana nsomba yomwe inali m'manja mwawo, n'kungoti, "Muitsuke kaye." Belu lachiwiri linalira, lachitatu linalira, wolizayo kenako anabwera yekha kudzaona chomwe chachitika ndipo nayenso anapatsidwa ndowa. Akuti kutchalitchi kunatsala nkhalamba zochepa, makamaka zija zosamva bwino, zomwe kufuula kwa amalume kunazidutsa.

Patapita nthawi, m'mabeseni muja zinayamba kutembenuka. Imodzi inagwedeza mchira, ina inadzuka n'kugunda m'mbali mwa ndowa. Azimayi analulutira. M'mbiya ya amalume ndi mmene zinatsitsimuka msanga, ndipo iwo anaonetsetsa kuti aliyense wadziwa zimenezo.

Phokoso litachepa, funso loti wathira ombweyo ndani linafika. Amalume anaima pamwamba pa khoma la damu, matope mpaka m'makutu, n'kuyamba mlandu.

"Izi ndi za munthu wa nsanje. Munthu woipa, wodziwa ntchito yake. Kuthira mankhwala m'damu la mbumba yathu!" Ndinaona amayi akukweza nsidze atamva kuti damu lija lasanduka la mbumba. "Ndipo ine ndikumudziwa. Dzana ndinaona munthu wina akudutsa apa, akuyang'anayang'ana..."

"Tisatchule dzina la munthu, alamu," anatero abambo. "Sitinaone."

Koma amalume anali atayamba kale kutembenuza mutu kuyang'ana gulu lija mmodzimmodzi, ndipo anthu omwe anangotithandiza kumene anayamba kuyang'ana pansi. Ndinaona kuti kamphindi kena dzina la munthu wosalakwa lituluka, ndipo dzina likatuluka pakamwa pa amalume silinkabwereranso. Ndinapita pamaso pa abambo n'kutambasula manja anga. Madzi onse ndinatunga m'mawa umenewo sanachotse kubiriwira kwa m'zikhadabo.

Abambo anayang'ana manjawo nthawi yaitali.

"Unkafuna kutani, mwana wanga?"

"Ndimafuna zinenepe, ababa. Loweruka lisanafike. Munati umanenepetsa."

"N'chifukwa chiyani unasinja?"

"Zili ndi kukamwa kwakung'ono."

Wina kumbuyo anatsokomola pofuna kubisa kuseka. Abambo anatembenuka pang'onopang'ono, madzi akuchucha m'jekete, n'kupita kuseri kwa nthochi. Tinkangoona msana wawo, mapewa akugwedezeka. Mpaka lero sindidziwa ngati ankaseka kapena ankalira, ndipo sindinawafunse. Atabwerako nkhope yawo inali monga ya masiku onse. Amalume, omwe mlandu wawo unali utawathera m'manja, anatsegula pakamwa kawiri konse osatuluka mawu, chinthu chimene okalamba a m'mudzimo anati sanachionepo. Kenako anandiloza n'kunena kuti, "Kusinja kokha amatha. Magazi a kuchikazi amenewo."

Zomwe zinafa tinazitola m'madengu. Loyamba linadzaza, lachiwiri linadzaza, lachitatu linafika pakati. Palibe anatchula za Loweruka, koma aliyense ankayang'ana madenguwo kenako n'kuyang'ana amalume. Iwo anayenda mozungulira madengu aja, anatola chilunguni chachikulu kuposa zonse, anachiyeza ndi mkono wawo, n'kulankhula akuyang'ana kuphiri.

"Mpunga umafuna malo athyathyathya. Ano ndi otsetsereka, ndinaona kale. Koma alamu, ndayeza m'mawa uno, mbali iyi pali mapazi makumi awiri opanda ntchito. Damu lachiwiri likumbidwe pamenepa. Ine ndakhala ndikunena."

"Mwanena bwino, alamu," anatero abambo.

Abambo anagawa nsomba kwa aliyense amene ananyowa tsiku limenelo, ndipo ananyowa ambiri. Zotsala amayi anaziwamba masiku awiri, fungo lake linafika mpaka kumsewu wa ku Liwonde. Mapemphero anachitika masana, abambo atavala malaya okha, jekete ili pachingwe. Anapepesa mpingo chifukwa chochedwetsa, ndipo nyimbo tsiku limenelo zinaimbidwa mwamphamvu ndi anthu onunkha matope.

Sanandimenye. Ndinayembekeza ndodo masiku atatu, ndipo kuyembekezako kunawawa kuposa ndodoyo. Tsiku lachinayi anandiitana kudamu, lomwe linali litaphwa, nsomba zopulumuka zili m'kadzenje kamene anakumba pafupi ndi kasupe. Anandiuza kuti matope onse a pansi pa damulo ndiwatutire kudimba ndi dengu, ndisanalowe m'kalasi ndiponso ndikaweruka, mpaka athe. Kenako ananena mawu amene sindinawayembekeze kwa munthu wamkulu. Anati, "Theka la mlanduwu ndi langa. Ndinakuuza ubwino wa mtengo uja, kuipa kwake ndinasunga." Ndipo anatenga dengu lachiwiri. Tinatuta limodzi masabata atatu, osalankhula zambiri. Tomato womira uja sanadzukenso, koma mpiru umene unamera pa matope amenewo unali ndi masamba oti mwana n'kubisalamo mvula.

Damu lachiwiri linakumbidwa chaka chotsatira, amalume akulamula, abambo akukumba. Mpaka tsiku lomwe anatisiya, amalume ankauza alendo kuti ulimi wa nsomba m'mudzi muno anauyambitsa ndi iwo, ndipo abambo sanawatsutsepo.

Onse awiri anagona. Ine ndinakula, ndinakakwatira cha ku Malosa, n'kukhalanso mkamwini m'mudzi wa eni. Mkazi wanga ankaikonda nkhani imeneyi kuposa ine. Alendo akabwera ankandikakamiza kuti ndiifotokoze, ndipo ankayamba kuseka ndisanafike pa mtondo. Ambuye atamutenga, akuchikazi anandisudzula mwaulemu monga mwa mwambo, ndipo ndinabwerera kwathu. Madamu aja tsopano ndi a ana aakazi a Esinati, ine ndimangowayang'anira. Zambiri zasintha. Mitengo ya m'tsinde mwa phiri inapita ku makala ndi ku mauvuni a njerwa, ndipo kasupe amene sanaume ngakhale chaka cha chilala masiku ano amafooka dzuwa likakula. Tayamba kubwezeretsa mitengo kumtunda kwake, koma mtengo sufulumira, ndipo ine ndinaphunzira kalekale kuti chamoyo sachikankha. Anthu omwe makolo awo ankaseka abambo tsopano amabwera kudzapempha mbewu ya ombwe, chifukwa nthaka yatopa ponseponse ndipo feteleza si wa aliyense.

Mwezi wathawu kunabwera mlangizi watsopano, mtsikana waulemu, pa njinga yamoto, zithunzi zili m'foni. Anatisonkhanitsa pansi pa nthochi n'kutiphunzitsa bwino ndithu za manyowa, za kuphimbira nthaka ndi za ombwe. Pomaliza anayang'ana madamu athu, n'kutembenukira kwa ine pokhala wamkulu pamalopo.

"Koma bambo, chinthu chimodzi musamale. Ambiri sadziwa. Masamba amenewa asayandikire madzi a nsomba, makamaka osinja."

Ana a Esinati anayamba kuyang'ana kumbali, wina ataluma nsonga ya chitenje. Ine ndinadikira kuti mlangiziyo amalize, pakuti ankachita ntchito yake ndipo ankanena zoona. Kenako ndinamuthokoza, n'kumuuza kuti tiyesetsa kukumbukira.